Mwana akaphunzire chiyani akamaliza kalasi 12?

Omvera nonse, kulikonse kumene mawu ano akukupezani: ku likulu la boma lathu la Chifunde, ku Mualadzi, ku Nsadzu, pa chipata cha Cassacatiza ndi m'midzi ya m'mbali mwa Luia. Amene muli m'chigafa kusankha fodya musaleke ntchito, mutibwereke makutu okha. Ana a sukulu amene muli pafupi senderani kuno, nkhani ya lero ndi yanu, ngakhale kuti ndalama zake zidzatuluka m'thumba la makolo. Tikukamba za kosi imene mwana angasankhe akamaliza kalasi 12, ndi ntchito imene kosiyo idzamupatse, kapena kumumana.

M'nyumba zambiri nkhaniyi imayamba mu Disembala, mayeso atatha. Ndinene mosapsatira kuti pamenepo tachedwa kale. Mbali yaikulu ya yankho inaperekedwa tsiku limene mwanayo ankalowa gawo lachiwiri la sekondale, pamene ana amagawidwa, ena ku Letras, ena ku Ciências. Mwana wa zaka 15 kapena 16 akafunsidwa kumene akufuna, amayang'ana kumene anzake alowera, kapena kumene kulibe mphunzitsi wokalipa wa Matemática, n'kulembetsa. Kunyumba sanena, ndipo palibe womufunsa. Zaka zikapita, bambo ake n'kumauza anzawo pa bawo kuti wanga uja adzakhala dokotala, chikhalirecho mwanayo Química anasiyana nayo kalekale.

Mayeso olowera ku mayunivesite a boma, aja a exame de admissão, sali ngati a kusukulu. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake, kawirikawiri awiri, amene munthu amayesedwa. Wofuna udokotala amalemba Biologia ndi Química. Wofuna uinjiniya amalemba Matemática ndi Física. Wofuna zamalamulo amakumana ndi Português ndi História. Ndipo pepala lake ndi lomwelo limene akulemba mwana wa ku Beira kapena ku Maputo, amene wakula akuona zipangizo za sayansi ndi maso, makolo ake akumulipirira mphunzitsi wapadera madzulo. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Choncho inu amene ana anu ali kalasi 8 kapena 9, nkhani ino ikukukhudzani kuposa amene ana awo amaliza kale. Mwana amene mukuona kuti manambala amamumvera, musalole kuti athawire ku Letras chifukwa cha mantha kapena chinzake. Koma amene mphatso yake ili pa kulemba ndi kulankhula, musamukankhire ku Física kuti mudzatchuke kuti munabala injiniya. Adzangovutika zaka zitatu n'kutuluka ndi manambala osalowera kulikonse.

Ambiri mwa makolo amene mukundimva munakula nthawi ya nkhondo. Ena munathawira ku Ukwimi ku Zambia, ena ku Malawi, n'kubwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Yunivesite munkangoimva kuti ili ku Maputo. Ana anu zinthu zawasinthira. Mu mzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, ndipo imadziwika ndi uinjiniya wa migodi ndi wa kuyenga miyala, kuphatikizapo za makompyuta ndi kuwerengera chuma. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli sukulu ina yotere ya uinjiniya wa magetsi ndi wa madzi. UniZambeze, imene likulu lake lili ku Beira, inaika maphunziro a zaumoyo ku Tete ndipo a zaulimi inawaika ku Ulónguè, kwa anansi athu a ku Angónia. UniPúnguè, imene inabadwa mu 2019 boma litagawa Universidade Pedagógica, ili ndi nthambi ku Tete. Akatolika nawonso ali ndi nthambi ya yunivesite yawo mumzindamo, ya zachilengedwe ndi miyala ya pansi, koma kumeneko n'kolipira. Makomo alipo ndithu. Vuto limene latsala n'lakuti ambiri timasankha khomo poona kumene kwaima galimoto zokongola chaka chimenecho.

Tikumbutsane za malasha. Cha m'ma 2011, kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha ku Moatize, Tete yense anatekeseka. Nyumba za lendi zinakwera mtengo, mahotela anamera, galimoto zoyera za makampani zinadzaza pa mlatho wa Samora Machel. Chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, eni mgodi wa Benga, pa ndalama zoyandikira madola 4 biliyoni. Mnyamata aliyense wanzeru ankalota chipewa cha ku mgodi, ndipo makolo ankagulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire za migodi. Sipanapite nthawi, mtengo wa malasha unagwa pa msika wa dziko lonse. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa zonse zija kwa amwenye a ICVL pa madola 50 miliyoni okha. Makampani ang'onoang'ono amene ankadyera pa migodi anatseka, anthu anachotsedwa ntchito. Vale nayo inadzachoka, n'kusiya mgodi ndi njanji ya ku Nacala m'manja mwa Vulcan mu 2022. Tsono werengani nokha. Mwana amene analowa kosi ya migodi mu 2011, zinthu zili pachimake, anatuluka ndi digiri yake cha m'ma 2015 kapena 2016, zinthu zitazilala.

Alimi mukudziwa zimene zimachitika soya akagulidwa bwino chaka chino: chaka chamawa mudzi wonse umadzala soya, ndipo ogula amabwera ndi mtengo wachipongwe. Kosi imachitanso chimodzimodzi, kungoti mlimi akalakwitsa amakonza dzinja lotsatira, pamene wophunzira amadikira zaka 4 kapena 5 kuti aone zimene anadzala.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza maphunziro a migodi. Malasha akukumbidwabe ku Moatize, ndipo dziko lathu lili ndi miyala ya rubi ku Montepuez, grafite ku Balama, mchenga wa mtengo wapatali ku Moma. Wophunzira bwino za migodi angapeze pogwira, bola akhale wokonzeka kukakhala kutali ndi kwawo ndiponso kusamuka mgodi ukatseka. Lero mbiri imene ili m'kamwa ndi ya damu latsopano la Mphanda Nkuwa, limene akuti lidzapereka magetsi okwana 1,500 MW, ndipo boma linasainirana pangano ndi makampani a ku France ndi ku Japan mu Disembala 2023. Damu limeneli lakhala likukambidwa kuyambira ena a inu musanabadwe. Kodi mwana asaphunzire za magetsi? Aphunzire, koma chifukwa chake chisakhale damulo. Chifukwa chake chikhale chakuti wodziwa magetsi ali ndi ntchito ku Cahora Bassa, ku kampani ya magetsi ya EDM, ku fakitale ya fodya ku Tete, ngakhalenso kuno kumudzi kumene sola zafika m'nyumba zambiri ndipo zikawonongeka timangozisunga pansi pa bedi. Funso limene mwana ayenera kudzifunsa asanalembetse ndi ili: kampani imene ndikuilotayi itatseka, kapena boma litapanda kundilemba, luso limeneli ndingadye nalo kuti? Kosi imene ili ndi mayankho atatu kapena anayi pa funso limeneli ndi yolimba. Imene ili ndi yankho limodzi lokha ndi yofunika kuiganizira kawiri.

Ndatchula boma, ndipo apa tiimepo pang'ono, chifukwa kuno kwathu tikati ntchito timatanthauza ya boma. Tikayang'ana anthu olandira malipiro pa mwezi m'boma la Chifunde, ambiri ndi aphunzitsi, azaumoyo, apolisi, alangizi a zaulimi ndi a m'maofesi a boma. Ntchito zimenezi munthu amalowa kudzera pa concurso, mpikisano umene amalengeza malo akapezeka. Kwa zaka zingapo tsopano boma lakhala likuchepetsa kulemba anthu atsopano chifukwa ndalama za malipiro zikulilemera, ndipo malo akatuluka amakonda kukhala a uphunzitsi ndi zaumoyo. Ngakhale kumeneko, tonse tikudziwa achinyamata amene anamaliza uphunzitsi kapena unamwino n'kukhala pakhomo zaka akudikira. Nanga amene anaphunzira za kayendetsedwe ka maofesi, kapena ka antchito? Makosi otere ambiri amawakonda chifukwa safuna zipangizo, amapezeka madzulo kapena pa intaneti, ndipo dzina lake limakoma potchula. Kwa munthu amene ali kale pa ntchito, akufuna kukwera pa udindo, ndi abwino. Kwa mwana wochokera kumunda, wopanda m'bale mu ofesi iliyonse, ine ndikuti asamale. Maofesi a boma lino ali ndi mipando yowerengeka, ndipo amene akhalapo sakukonzeka kunyamuka mawa.

Tsopano tiyang'ane zimene zili pakhomo pathu. Chifunde amadya kuchokera m'nthaka. Chimanga, fodya amene timalima pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco, mtedza, soya, ng'ombe, mbuzi. Komabe mukauza mwana kuti akaphunzire zaulimi ku Ulónguè amakwinya nkhope, akuti ndathawa khasu ndiye ndikaphunzirenso khasu? Makolo enanso amaona ngati ndi kutaya ndalama. Apa ndiye pamene ndimadabwa nafe. Mlangizi amene amabwera pa njinga yamoto kudzaona nazale yanu ya fodya amalandira malipiro. Amene amaika magiredi pa fodya wanu pa msika, n'kunena kuti uyu ndi wa mtengo wakuti, anaphunzira. Ng'ombe zikayamba kufa ndi matenda a nkhupakupa timasowa wozibaya jakisoni, mpaka ena amakagula mankhwala ku Katete ku Zambia n'kumangoyerekeza muyezo. Chimanga chimafumbwa m'nkhokwe, ena n'kuchigulitsa chisanaume bwino pa mtengo wolira. Ntchito zonsezi zikufuna munthu wophunzira, ndipo wozidziwa sadikira concurso yokha. Angalembedwe ndi boma, angalembedwe ndi kampani kapena bungwe, ndipo zonse zikakanika ali ndi munda wa kwawo ndi anthu a m'mudzi amene angamulipire powathandiza. Wophunzira zamalamulo akasowa ntchito sangatsegule khoti kuseri kwa nyumba.

Za golide nazonso. Anyamata athu ambiri asiya sukulu n'kulowa m'maenje, ndipo ena maenjewo awakwirira. Amakumba mongoganizira, amatsuka ndi mankhwala owononga madzi, amagulitsa kwa munthu amene sikelo ndi yake, mtengo ndi wake. Ku Moatize kuli sukulu ya Instituto Médio de Geologia e Minas imene imaphunzitsa kuzindikira miyala ndi kayendetsedwe ka mgodi. Mwana wa kuno atadziwa zimenezi, angakhale wothandiza pa gulu la okumba lovomerezeka kuposa mmene angakhalire pa mzere wofunsira ntchito ku Tete.

Izi zandifikitsa pa chinthu chimene ambiri amachiona ngati kulephera: maphunziro a nível médio, a ntchito zamanja ndi zaluso. Tazolowera kuganiza kuti mwana akapanda kuvala mkanjo wa licenciatura ndiye kuti sukulu yamukana. Koma amene amakulandirani pa chipatala cha kuno, kukuyezani malungo, kubereketsa amayi usiku, kawirikawiri si dokotala wa zaka 6 za ku yunivesite. Ndi namwino kapena técnico wochokera ku masukulu ngati Instituto de Ciências de Saúde de Tete. Mjigo ukawonongeka mudzi umamwa madzi a m'dambo miyezi, kudikira munthu wodziwa kuukonza. Njinga zamoto zadzaza m'misewu, zigayo zili paliponse, ndipo makaniko wodalirika amadziwika dzina boma lonse. Maphunziro amenewa ndi aafupi, ndalama zake n'zocheperapo, ndipo munthu amayamba kupeza kangachepe msanga. Akafuna digiri angadzaitenge pambuyo pake akudzilipirira yekha. Ambiri mwa akuluakulu amene mumawaona m'maofesi anayenda njira imeneyi, kungoti sakuuzani.

Uphunzitsi ndiutchule mwapadera, chifukwa ambiri amaulowa ngati pothawira zina zikakanika, ndipo ana athu ndi amene amalipira. Amene amaukonda, masukulu ophunzitsa aphunzitsi alipo ku Chitima, ku Angónia, ndi ya ADPP ku Chiúta. Ndipo mwana wa kuno ali ndi chuma chimene sachiwerengera. Pamene dziko lino linkayesa koyamba kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo, pakati pa 1993 ndi 1997, linasankha zilankhulo ziwiri zokha, Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathuchi kuno ku Tete. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'masukulu a boma. Mphunzitsi wodziwa kulemba ndi kuphunzitsa bwino Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi ndi wofunika, ndipo sangachokere ku Inhambane. Komanso chimene masekondale a kumidzi amasowa kwambiri ndi aphunzitsi a Matemática, Física ndi Química. Mwana amene amakhoza maphunziro amenewa koma malo a uinjiniya amuphonya, akaganizire zophunzitsa. Ndiye amene adzatsegulire azing'ono ake khomo limene iye linamuvuta.

Tili m'malire, ndipo izi zili ndi ubwino wake ndi msampha wake. Kwa wa ku Cassacatiza, Katete ali pafupi kuposa Tete, ndipo mabanja ena ali ndi ana amene anaphunzira ku Zambia kapena ku Malawi m'Chingerezi. Kudziwa Chingerezi pamwamba pa Chipwitikizi ndi mwayi waukulu: makampani a migodi amachifuna, mabungwe amachifuna, ntchito za pa chipata zokhudza katundu wodutsa zimachifuna. Kosi iliyonse imene mungasankhe, Chingerezi musachitaye. Msampha wake ndi wa mapepala. Satifiketi ya kunja siyigwira ntchito yokha kuno, imayenera kupita ku unduna kuti ikapatsidwe equivalência, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Wofuna kukaphunzira unamwino kapena uphunzitsi kutsidya, n'cholinga chodzagwira ntchito kuno, ayambe wafunsa ngati pepalalo lidzalandiridwe. Safunsa anadya phula.

Tibwere ku thumba. Pa yunivesite ya boma malipiro a sukulu ndi ocheperapo, koma chimene chimagwetsa ana ochokera kutali ndi chipinda, chakudya, mapepala ndi ulendo. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, mwininyumba ku Tete amafuna yake mwezi uliwonse. Banja likhale pansi liwerenge zaka zonse za kosiyo, osati chaka choyamba chokha, ndipo liwerengere chaka chimene mvula idzavute. Kosi ya zaka 3 imene mwana adzamalize iposa ya zaka 6 imene adzasiyire pakati, ng'ombe zitatha m'khola. Thandizo la bolsa, ndalama zolipirira wophunzira, liliko, ku Instituto de Bolsas de Estudo ndi m'mayunivesite momwemo, koma silisaka munthu kumudzi. Amalengeza, nthawi n'kutha, ife tisanamve. Aphunzitsi akuluakulu a masekondale athu, chonde, edital, pepala la chilengezo, ikatuluka muziimata pa khoma ndi kuiwerengera ana, chifukwa si onse ali ndi foni ya intaneti.

Kodi mawu omaliza ndi a yani, wolipira kapena wophunzira? Kwathu kuno mwana si wa munthu mmodzi. Atsibweni ali ndi mawu, amayi ali ndi mawu, bambo amene agulitse ng'ombe ali ndi mawu. Ndi bwino kutero, ndipo mwana amene amanyoza uphungu wa akulu chifukwa iwo sanafike kalasi 12 akudzinamiza. Akuluwo ndi amene akudziwa kulemera kwa thumba, ndipo aona anthu ambiri akukwera ndi kutsika. Koma pa mayeso adzakhala yekha, ndipo ntchitoyo adzaigwira yekha zaka 30. Munthu woopa magazi simungamupange namwino chifukwa choti mwana wa a neba ndi namwino. Makolo nenani zimene mungakwanitse ndi zimene mukuopa, mwana anene zimene amakhoza ndi zimene mtima wake ukufuna, ndipo muitane mphunzitsi amene amamudziwa kuti anene zoona za manambala ake. Kukhumba kokha sikulowetsa munthu ku udokotala.

Pa ana aakazi ndili ndi dandaulo. Mtsikana akakhoza bwino timangoti akhale namwino kapena mphunzitsi, ngati kuti ku Songo kapena ku Ulónguè analemba pa chipata kuti akazi asalowe. Ndipo ndalama zikachepa, woyamba kuuzidwa kuti adikire ndi iyeyo, kudikirako n'kuthera m'banja. Lamulo la dziko lino la 2019 likuletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, koma ngakhale wa zaka 19 amene wakhoza Matemática kuposa alongo ake ayenera kupatsidwa mpata wofanana. Ife Achewa timati mbumba ndiyo mudzi. Tsono bwanji posankha wopita kusukulu timayamba taiwala mbumbayo?

Kwa inu ana a sukulu, pali chinthu chimodzi chosalira ndalama chimene ambiri simuchita: kukaona ntchitoyo ndi maso musanaisankhe. Mukufuna zaumoyo? Pemphani kucheza ndi namwino wa pa chipatala chapafupi, akuuzeni za usiku umene amagwira yekha, mankhwala atatha. Mukufuna zaulimi? Pitani ku ofesi ya zaulimi ya SDAE mukafunse alangizi kuti anaphunzira kuti, zaka zingati, ndipo anzawo amene anamaliza nawo ali kuti lero. Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri, ndipo mulifunse kwa aliyense: amene munamaliza nawo akuchita chiyani? Mukamva kuti ambiri ali pa ntchito, kapena anayamba zawo, ndi chizindikiro chabwino. Mukamva kuti ambiri akugulitsa mayunitsi a foni pa msika akudikira concurso, mwamva nokha.

Ma edital a mayunivesite a boma amatuluka chakumapeto kwa chaka, ndipo mayeso olowera amalembedwa chakumayambiriro kwa chaka chotsatira. Amene muli kalasi 12, chitupa cha BI ndi nambala ya msonkho ya NUIT zikhale m'manja nthawi isanakwane, ndipo funani mapepala a mayeso a zaka zapitazo muyambe kuyeserera lero. Musalembetse malo amodzi okha. Ikani ndi sukulu ya nível médio pambali. Inu makolo amene ana anu ali kalasi 9, sabata ino pitani kusukulu, mukaonane ndi mphunzitsi wa kalasi, mukafunse kuti mwana wanu amakhoza chiyani ndipo akufuna kulowa gawo liti. Musatume mwanayo kuti akakufunsireni, mupite nokha.